Kalimu ndi Nyani Woyera wa pa Soche

Kalimu anafika ku Kabula atasenza katundu wa mzungu pamutu, masiku amene tauni ya Bulantaya inali nyumba zowerengeka za njerwa ndi misewu ya fumbi. Kwawo kunali kuseri kwa phiri la Chiradzulu. Kumeneko anakwatira Halimatu, nakhala pachikamwini monga mwa mwambo, kulima munda wa apongozi, ndipo anabereka mwana mmodzi wamkazi. Nthomba itatenga Halimatu, akuchikazi anadikira kuti maliro athe, kenaka anamusudzula. Palibe anamulalatira. Anamupatsa khasu lake ndi mphasa, namuperekeza mpaka pamtsinje. Mwana anatsala, poti mwana ndi wa kwa amake ndipo mwini mbumba ndi atsibweni. Kamtsikanako kanali kasanadziwe kuyankhula bwino. Kanangomuyang'ana kali kumsana kwa amake aang'ono mpaka iye atalowa m'bango.

Anachita utengatenga zaka zingapo, kukwera chitunda cha ku Chikwawa ndi mabokosi, mabelo a nsalu ndi malata. Kenaka kunabwera matekenya, amene anthu a kuno anali asanawaonepo. Anamudya zala za kumapazi mpaka ziwiri zinathothoka, ndipo ulendo wa katundu unamukanika. Tsiku lina anatsimphina mpaka pamunda wa khofi umene unali m'munsi mwa phiri la Soche, moyang'ana ku Chimwankhunda. Mwini mundawo anali mzungu amene antchito anamutcha Chipewa, ndipo kapitawo wake anali Fabiano, Msena wa ku Chinde, munthu wa mawu ochepa.

Fabiano anayang'ana mapaziwo nthawi yaitali.

"Miyendo mulibe, achimwene. Nanga mawu muli nawo?"

"Ndili nawo."

"Ndiye mukhale pachilindo kumtunda uko, muziingitsa abongwe."

Umo ndi mmene Kalimu anakhalira mlonda wa anyani, amene Fabiano ankawatcha abongwe m'Chisena, iye mumtima ankawatcha majani m'Chiyao cha kwawo. Chilindocho chinali pamalire a munda ndi thengo. Anamupatsa chitini choti aziguguda ndi mulu wa miyala. Chaka choyamba anakuwa mpaka mawu anasasa. Chaka chachiwiri anaona kuti kukuwa n'kosafunika. Akangoimirira anyani ankabwerera okha, akakhala pansi iwo ankakhalanso pansi kutsidya kwa khwawa, n'kumadya mizu ndi ziwala. Anapangana malire popanda kuyankhulana.

Munthu wokhala yekha tsiku lonse amayamba kuyang'anitsitsa zimene ali nazo pafupi. M'phirimo munali apusi a nkhope zakuda okonda kuba mofulumira, anchima amanyazi amene satsika m'mitengo ya m'makwawa, ndi achanga a maso akuluakulu amene ankalira ngati khanda dzuwa likamalowa. Onsewa Kalimu anawaona kuti ndi mtundu umodzi ndi anyani, chifukwa cha manja. Galu ali ndi zikhadabo zokanda, koma awa ali ndi zala zogwira, chala chachikulu chopindikira kwa zinzake, ndi zikhadabo zathyathyathya ngati za munthu. Maso awo amayang'ana kutsogolo onse awiri. Amabereka mwana mmodzi, n'kumulera nthawi yaitali.

Koma amene anawadziwa mmodzimmodzi ndi anyani. Ankagona m'matanthwe a pamwamba poopa kambuku, ndipo m'mawa ankatsika pamzere, amuna akuluakulu m'mbali, akazi a makanda pakati. Khanda limabadwa lakuda bii, makutu ofiira, n'kumakangamira kumimba kwa make. Likasinkhuka ubweya umasanduka wotuwa, ndipo limakwera kumsana n'kukhala tsonga ngati mzungu pa bulu. Wamwamuna akafuna kuopseza mnzake amayasamula kuti mano aoneke. Akafuna mtendere amagwedeza milomo ngati akutafuna kanthu, mnzakeyo n'kufika pafupi, n'kuyamba kutolana nsabwe. Poyamba Kalimu ankayesa kuti ndi nsabwe basi. Pambuyo pake anaona kuti amene akangana m'mawa ndiwo amatolana masana, ndipo amene satoledwa ndi aliyense amaonda ngakhale chakudya chilipo.

Chimene chinamukhudza kwambiri ndi ichi: akazi sachoka. Amabadwira m'gululo, amakalambira momwemo, pafupi ndi amawo ndi abale awo, ndipo mwana wa mayi wolemekezeka amalemekezekanso. Amuna ndiwo amachoka akakula, n'kukapempha malo kugulu lachilendo. Chaka china kunabwera wamwamuna wotero kuchokera cha ku Ndirande, wa chipsera paphewa. Anakhala kumphepete mwezi wathunthu, akulumidwa, akudya zotsala. Kalimu anamutcha Mkamwini, ndipo anaseka yekha pachilindo, kuseka koyamba chichokere kwawo.

Amene anamulandira Mkamwini anali wamkazi wina wa msinkhu wapakati, amene dzanja lake lamanja linalibe chala chimodzi, mwina msampha unachidula kalekale. Kalimu anamutcha Nachala. Sanali wa banja lolemekezeka. Pamadzi ankamwa pomalizira. Koma anali wofatsa ndi wopanda mantha, ndipo ndi iye ankakhala pafupi kwambiri ndi chilindo, kumusuzumira Kalimu akamasenda mbatata. Tsiku lina anakhala pambali pa mlendo uja n'kuyamba kumupesa ubweya wa paphewa. Kuyambira pamenepo Mkamwini analowa m'gulu. Nachala atabereka, Mkamwini ndiye ankalinyamula khandalo make akamakumba mizu, ndipo wina akaliopseza iye ankaimirira pakati.

Masiku amenewo kunalinso munthu wina wofika kuchilindo. Ethel anali mayi wamasiye wa ku Naperi, wobatizidwa ku mishoni, amene ankagulitsa mbatata ndi nthochi kwa antchito a m'munda. Ankakwera mpaka kumtundako ngakhale kunali wogula mmodzi yekha. Ankatula dengu, n'kukhala pamwala, n'kumafunsa.

"Simutopa nawo, Che Kalimu, anyani okhaokha?"

"Ali ndi milandu yawo. Uyo wakhala apoyo dzulo anamenyedwa ndi mphwake."

"Ndiye inu ndinu nkhoswe yawo?"

"Ine ndi mlendo chabe. Amandilola."

Antchito anayamba kunena kuti awiriwa atengana mvula ikadzagwa, ndipo Kalimu sankatsutsa.

Kenaka kunabwera chaka cha chilala. M'thengo munauma, mizu inalimba m'nthaka, ndipo anyani anaswa pangano. Ankalowa m'munda mbali zitatu nthawi imodzi, kukolola khofi wofiira ndi kudzaza m'masaya, osasamalanso chitini. Khofi yemweyo anali atayamba kale kufota ndi matenda, ndipo Chipewa anali wolusa ngati njati yolasidwa. Anawombera awiri, koma enawo anaphunzira kuzindikira mfuti ali patali. Tsiku lina Fabiano anakwera kuchilindo ndi anthu onyamula mitengo.

"Bwana akuti timange khola la msampha. Safuna kupha. Akuti anamva kwa azungu akummwera kuti ukagwira mmodzi, n'kumupaka utoto woyera, n'kumumasula, anzake amamuthawa. Iye akawatsata, iwo amathawirathawira. Gulu lonse limasamuka."

Kalimu anayang'ana mitengoyo. Kenaka anati, "Akagwidwa wamwamuna, mupake. Wamwamuna amadziwa kuchoka, akapeza kwina. Koma akagwidwa wamkazi mumutaye, a Fabiano. Wamkazi alibe kwina."

"Msampha susankha, Che Kalimu. Ndipo ine sindine mwini munda."

Anamanga kholalo, naikamo dzungu lothyola pakati. Anyani analizungulira masiku angapo osalowa. Amene analowa anali uja wosaopa zinthu za anthu. M'mawa wina chitseko chinagwa, ndipo Kalimu anamva kulira kumene anakuzindikira asanaone n'komwe. Khanda linali panja, m'manja mwa Mkamwini.

Chipewa anabwera ndi chitini cha penti wa mafuta, wotsala popaka khonde la nyumba yake. Njereza anaikana, akuti imachoka ndi mvula. Amuna anayi anamupanikiza Nachala pansi ndi mitengo ya mphanda, pakhosi ndi m'chiuno, ndipo ena mwa akuluakulu anayang'ana kumbali, poti mitengo yotero anaidziwa pakhosi pawo masiku a ukapolo. Panafunika wina wolowa ndi burashi. Onse anakana poopa mano. Chipewa analoza Kalimu, nanena mawu amene Fabiano anamasulira: "Akuti abongwewa amakudziwani inu."

Kalimu akanatha kukana, koma munthu wa mapazi oterewo akanapita kuti? Analowa. Anayamba kumsana, n'kutsikira m'miyendo, n'kumchira. Pentiyo ankanunkha mpaka kuwawa m'maso. Atafika pachifuwa anaona mkaka ukudontha, ndipo anapalambalala pamenepo, koma Chipewa anagogoda mtengo ndi ndodo kuti apake ponse. Pamene ankapaka kumutu, Nachala anatulutsa dzanja n'kumugwira pamkono. Sanamukande. Anangogwira, zala zinayi zofunda, monga amagwirira mwana powoloka mtsinje. Kalimu anamaliza ntchitoyo dzanjalo lili pomwepo.

Atatsegula chitseko, Nachala anathamangira kutsidya kwa khwawa kumene gulu linali kudikira. Wamwamuna wamkulu anauwa kuuwa kochenjeza za kambuku, ndipo gulu lonse linabalalika. Mkamwini anayang'ana chinthu choyeracho chikubwera, anaika khanda kumimba, n'kuthawa. Nachala anaitana ndi mawu ake a masiku onse, khanda linayankha, koma miyendo imene inalinyamula sinaime. Anakwera phiri onse, otuwa patsogolo, woyera pambuyo. Antchito anaseka mpaka kugwira m'mimba. Fabiano sanaseke. Anatola burashi n'kuiponya m'khwawa.

Masiku otsatira kuuwa kunkamveka pamwamba pa phiri, kenaka kuseri, kenaka kutali cha ku Mpingwe, mpaka kunati zii. Khofi anapsa popanda womukhudza. Chipewa anakondwa ndipo anamusiya Kalimu pachilindo chifukwa cha apusi.

Chiperoni chitayamba, nkhungu inkakuta phiri mpaka masana, ndipo kunayamba kumveka nkhani. Amayi okatunga madzi ku Naperi anaona chinthu choyera chitakhala pathanthwe, manja pamaondo, chikuwayang'ana. Wina anati chinali ndi nkhope ya nkhalamba. Wina anati chinamutambasulira dzanja. Odula nkhuni anachimva chikulira m'nkhungu ngati mayi wa pamaliro. Amene anaona kupakidwa kwa nyani anafotokoza, koma anthu sanakhutire. Nyani wanji woyenda yekha? Nyani wanji wotsata anthu m'malo mowathawa? Ena mwa omwe anagwira mphanda aja anayamba kunena kuti chimene anapaka tsiku lija mwina sichinali nyani n'kale.

Kalimu anamuona Nachala m'mawa wina, nkhungu itang'ambika pang'ono. Anali pamalo ake akale kutsidya kwa khwawa, ataonda mpaka nthiti kuwerengeka. Penti anali atauma n'kumata ubweya m'zibuma, ndipo pena anali atadzizula yekha mpaka kusiya zilonda. Kalimu anaponya mbatata. Nachala anadya, koma sanachoke. Mawa lake anabweranso, n'kukhala pafupi. Tsiku lina anawoloka khwawa, anafika patsinde pa chilindo, anagwedeza milomo ngati akutafuna kanthu, n'kutembenuka kumupatsa msana.

Kalimu anadziwa chimene akupemphedwa. Anatsika, anakhala pansi, ndipo anagwira chibuma chimodzi cha penti n'kuchifikisa ndi zikhadabo mpaka chinayoyoka. Nachala anatseka maso. Thupi lake lonse, limene linali gwa ngati mtengo, linafewa pang'onopang'ono.

Inakhala ntchito yake ya m'mawa uliwonse. Ankabwera ndi mafuta a nsatsi kuti penti afewe. Ntchitoyo inali yochedwa, tsiku lonse malo osaposa chikhatho. Ankaganiza kuti akamaliza msana ndi mutu, mwina Nachala adzapita ku Mpingwe ndipo abale ake adzamuzindikira. Nthawi zina ankayankhula naye m'Chiyao, zinthu zimene sanauzepo munthu: za mtsinje umene anamuperekezapo, za kamtsikana kamene tsopano kayenera kuti kakutha msinkhu osadziwa nkhope ya atate ake. Tsiku lina atatopa n'kuweramitsa mutu, anamva zala zikufufuza m'tsitsi mwake, mofatsa, kuseri kwa khutu. Chimwalirire Halimatu palibe anali atamugwira kumutu. Anakhala osagwedezeka mpaka nkhungu inatha.

Ethel anawapeza ali choncho. Anali atasiya kukwera kuchilindo chifukwa cha mantha a mzukwa, koma tsiku limenelo analimba mtima, nati akamuone munthu ali yekha. Anatulukira m'nkhungu ndi dengu pamutu, naona Kalimu atakhala pansi, chinthu cha mawangamawanga, pena choyera pena chotuwa, chili kumsana kwake, zala zake zili m'mutu mwake. Sanakuwe. Anatula dengu pansi bwinobwino.

"Mayi Ethel, ndi Nachala uyu. Munkamuona uja."

"Ndaona, Che Kalimu."

"Ndikungomuchotsa utoto."

"Ndaona," anatero kachiwiri. Anabwerera chafutambuyo mpaka nkhungu inamumeza. Dengu analisiya.

Ethel sanali wamiseche, koma anafika kumudzi wopanda dengu, ndipo anthu anamufunsa mpaka ananena. Mwezi womwewo ana awiri a kumidadada ya antchito anali atamwalira ndi chifuwa. Nkhani ziwirizi zinakumana. Anthu anati wopunduka wa pachilindo akuweta chinthu, ndipo chinthucho chimadya. Fabiano anakwera dzuwa likupendeka, nakhala pamwala paja pankakhala Ethel.

"Mawa m'mawa anthu akubwera ndi agalu ndi mikondo. Ndawaletsa, sakundimva. Akachipeza pano, sachisiya, ndipo inunso sindikudziwa."

"Inu mukudziwa kuti ndi nyani. Munalipo."

"Ndikudziwa. Koma ine sindinaike mwana m'manda mwezi uno."

M'bandakucha Nachala anabwera monga mwa masiku onse, nakhala, napereka msana. Theka la msanawo linali litabwerera mwakale. Kalimu anaimirira n'kuguguda chitini. Nachala anatembenuka n'kumuyang'ana, osamvetsa. Kalimu anakuwa, mawu aja a chaka choyamba. Nachala anasuntha pang'ono, n'kukhalanso, n'kugwedeza milomo. Kumunsi agalu anali atayamba kuuwa. Pamenepo Kalimu anatola mwala pamulu uja umene unali utamera ndere chifukwa chosagwiritsidwa ntchito, ndipo anaponya molunjika. Unamugunda m'nthiti. Wachiwiri unamugunda paphewa. Nachala analira kamodzi, nakwera chitunda motsimphina. Pamwamba pa thanthwe anaima n'kucheuka, ndipo Kalimu anaponyanso wina ngakhale sukanafika. Kenaka nkhungu inatseka.

Anthu atafika anapeza Kalimu yekha, dengu la Ethel, ndi tizibuma toyera tambirimbiri pansi. Agalu anatsata fungo mpaka m'matanthwe n'kubwerera. Anthuwo anatentha chilindo. Sanamugwire Kalimu, poti Fabiano anaima pafupi naye, koma anthuwo anamuuza kuti dzuwa lisamulowere pamundapo.

Sanapite kutali. Anapeza malo ku Limbe kwa Mswahili wina wosoka zovala, dzina lake Hamdani, amene anamulola kugona kuseri kwa nyumba ndi kumusesera pakhomo. Njanji itafika, Limbe anakula, ndipo Kalimu ankakhala pafupi ndi siteshoni kugulitsa nzimbe. Ankapita ku mzikiti, ankapereka moni kwa aliyense, koma sanakwatirenso. Ethel anakumana naye kamodzi pamsika. Anagwada pang'ono monga mwa ulemu, nafunsana za moyo, ndipo aliyense anapita njira yake.

Kamodzi kokha anadzikoka ndi ndodo mpaka ku Mpingwe. Analipeza gululo likudya m'mphepete mwa munda wa chimanga, ndipo anazindikira nkhope zingapo za akazi. Mkamwini panalibe. Panali anyani achinyamata ambiri, ndipo sanathe kudziwa ngati mmodzi mwa iwo anali khanda lija. Anayang'ana manja a wamkazi aliyense. Onse anali ndi zala zokwanira. Gululo litamuona linauwa n'kuthawa ngati mmene limathawira munthu wina aliyense.

Za nyani woyera zinkamvekabe. Wina anamuona ku Ndirande, wina ku Bangwe, wina pamanda a ku Chitawira dzuwa lili pamutu. Zinapitirira zaka zambiri, kuposa zimene nyani wokhala yekha angakhale ndi moyo m'dziko la akambuku. Anthu odziwa mbiri yake akabwera kudzamufunsa, Kalimu ankangosenda nzimbe. Koma Hamdani ankanena kuti m'miyezi ya chiperoni mkuluyo sankagulitsa. Ankadzuka m'mawa, n'kukhala kuseri kwa nyumba atayang'ana ku Soche, ngakhale phirilo silinkaoneka. Tsiku lina Hamdani anamufunsa chimene akuona m'nkhungumo.

"Amakhala apo, pafupi ndi nkhokwe," anatero Kalimu. "Safika pafupi. Amaopa mwala."

Hamdani anayang'ana, naona nkhokwe ndi nkhungu basi, ndipo sanafunsenso.

Kalimu anamwalira chaka cha fuluwenza, nkhondo ya azungu itangotha, pamene anthu ankafa ambiri mwakuti okumba manda ankasowa. Hamdani ndi anzake awiri a ku mzikiti anamusambitsa, namukulunga m'nsalu imene Hamdani anadula pa mpukutu wake, namuika tsiku lomwelo. Wachibale panalibe woti n'kumutumira uthenga. Nthawi imeneyo munda wa khofi unali utafa kale, Chipewa atagulitsa malo n'kubwerera kwawo, ndipo mwini watsopano anadzalamo bulugamu. Kanjira kokwera kumene kunali chilindo kanatsekeka ndi udzu, poti amayi a ku Chimwankhunda ankakonda kuzungulira kutali pokatola nkhuni, ndipo ana awo anazolowera njira yaitaliyo osafunsa chifukwa chake.